Denga la ba Gilson

Gulu: Nyumba ya amai ku Chelstone

Lolemba, 14 Okutobala

10:42 Edmond: malata nagula. ali pa canter manje, tichoka mu town. amai tsegulani gate yonse, mota ni yaikulu

10:43 Edmond: 📷 chithunzi

10:51 Bernadette: abwino. ni a green aja amene amai anasankha?

10:51 Edmond: omwewo ba sisi

10:52 Bernadette: ok. manje wokhoma ni ndani? ba Virginia akuntchito ananipatsa number ya munthu amene anawakhomela nyumba yawo ku Roma kuno ku Lusaka. ati ni wa serious, amafika pa time

10:58 Edmond: number isungeni chabe

10:58 Bernadette: meaning?

11:03 Edmond: nizakhoma neka

11:03 Bernadette: Edmond

11:04 Bernadette: iwe ndiwe teacher wa history. shelf imene unanikhomela ku Woodlands inagwa na mabuku onse patapita masiku atatu

11:06 Edmond: vuto inali khoma yanu, block yofewa

11:07 Edmond: mvelani plan. Independence ili pa Thursday next wk. Friday nizapempha kwa ba head, then Sat na Sun. masiku 4. nyumba ya amai ni 3 rooms chabe. anzanga awili aku choir alonjeza kunyamula

11:09 Bernadette: aku choir. mmodzi wa tenor wina wa bass

11:09 Edmond: musaseke

11:12 Bernadette: siniseka. October iliyonse ku ward kwathu timalandila anthu ngati iwe. mitambo ikangoyamba kuoneka mwamuna aliyense mu Lusaka amasanduka kalipentala. last wk tinali na bambo wina, chiuno chathyoka, sazayenda mpaka Easter. nayenso ananena kuti 3 rooms chabe

11:20 Edmond: atate anakhoma denga iyo okha mu 77. analibe drill, analibe video ya pa foni. nyundo imodzi basi, na nyundo yomweyo ili kwanga ku Kabwata. iwo anali na zaka 29, ine nili na 44. nilephele bwanji?

11:21 Bernadette: atate anali atate

11:21 Edmond: naine ndine mwana wawo. sinifuna munthu wachilendo achotse zimene atate anaika na manja awo

11:25 Bernadette: amai nikuona muli kuwelenga. kambaniko pls

12:20 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 0:41
Ana anga, malata afika bwino. Tawaika kuseri, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Ndawauza a galimoto kuti ayale mitengo pansi, malata asagone padothi. Ndawapatsa munkoyo, dzuwa la lero si lamasewera. Bernadette, mankhwala anga aja a BP atsala a sabata imodzi. Edmond, wadya kanthu kapena wangozungulira m'tauni ndi njala? Chabwino, mutsale bwino.

12:23 Bernadette: mankhwala nizabweletsa Sunday. bt amai nafunsa za wokhoma

13:40 Bernadette: amai?

Lachitatu, 16 Okutobala

15:10 Edmond: nachoka ku sukulu, nipita kwa amai kukaona mapulanga pamwamba. ladder nabweleka kwa ba Kabamba a next door

15:12 Bernadette: munthu agwile ladder pansi pls. na nsapato osati zija za office

15:41 Edmond: nafika. nikwela

16:05 Bernadette: so?

16:31 Bernadette: Eddie

16:48 Bernadette: 📞 foni yosayankhidwa

16:50 Bernadette: amai kuli bwanji uko? niyambe kubwela?

16:57 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 0:13
Usabwere. Watsika. Ali pakhonde pano akumwa madzi. Sanapweteke paliponse. Musiye kaye.

18:22 Edmond: nili bwino. kunali mphepo

18:24 Bernadette: lelo? kuno ku Woodlands olo tsamba limodzi silinagwedezeke

18:52 Bernadette: ok. tizakamba mailo

Lachinayi, 17 Okutobala

06:14 Edmond: ok nikambe zoona. kunalibe mphepo

06:19 Edmond: nakwela bwino bwino mpaka pa msonga. nayamba kuyenda nikumvela mapulanga na phazi. then lata imodzi inalowa pansi pa mwendo, pulanga yake yadyewa na chiswe. sininagwe. bt nitayang'ana pansi naona amai ang'ono so, na ndowa yawo pambali. nalephela kupita kutsogolo olo kubwelela

06:22 Edmond: nakhala pamenepo nagwila na manja awili. malata anali otentha koma sininamve, naona matuza pambuyo. ba Kabamba ndiye anakwela kunitsitsa, step imodzi imodzi. mdala wa zaka 68

06:23 Edmond: daily nimaima pamaso pa ana 60 osaopa. denga ya 3 rooms yanigonjetsa

06:24 Edmond: manyazi akulu nili nawo kwa atate

06:40 Bernadette: mlongo wanga palibe manyazi apo. ine nakondwela chabe kuti sunagone pa bed ya ku ward yanga. matuza usaboole, tsuka na madzi ozizila

06:41 Bernadette: nimuitane wa ku Roma?

06:50 Edmond: sinidziwa. mwina niyesenso Sat. mwina ni chfkwa inali first time

06:50 Bernadette: awe

06:51 Edmond: ngati iwo anakwanitsa

09:05 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 4:10
Ndangochoka ku misa. Ndavala magalasi, ndawerenga zonse zimene mwalemba. Tsopano mukhale pansi nonse awiri, ndikuuzeni chimene ndinalonjeza atate anu kuti sindidzanena iwo ali moyo. Papita zaka zisanu ndi chimodzi chiwaikireni m'manda, ndipo dzulo mwana wanga wandiopsa. Ndiye ndinena.

Chaka cha 77 chija makoma tinamaliza mu Seputembala. Iwe Bernadette unali kumsana. Edmond, za iwe panalibe ndi maganizo omwe. Masiku amenewo chilichonse chinali cha pamzere. Sopo pamzere, saladi wophikira pamzere, shuga pamzere. Malata tinawadikira miyezi inayi. Atabwera, atate anu anati, Ursula, sindiitana munthu, ndikhoma ndekha. Munthu wake kalaliki wa mu ofesi, manja ozolowera cholembera ndi chidindo. Ine ndinangoti, chabwino atate ake a Bernadette.

Loweruka m'mawa anavala kabudula wa khaki nakwera. Anakhoma malata atatu. Atatu, mwamva? Misomali anaikhoma m'ngalande mwa lata, moyenda madzi, m'malo mokhoma pamsana pake. Pofuna kulandira lachinayi anayang'ana pansi. Basi zinathera pomwepo. Anakhala pa mtanda ngati akwera njinga, naukumbatira, maso atatsinzina. Ndikungomva, Ursula, Ursula. Kamawu kakang'ono, osati mawu aja munkawadziwa inu. Ine mwana kumsana, manja pa makwerero, ndikanakwera bwanji?

Ndiye panadutsa ba Saul pa njinga. Muwakumbukira ba Saul a kumapeto kwa msewu, wa mtundu wa Asoli a konkuno, kalipentala uja wosalankhulalankhula. Nthawi imeneyo sitinkadziwana, moni chabe. Anatsamiritsa njinga pachulu, nakwera osafunsa munthu. Sanaseke ayi. Anakhala pambali pa atate anu nayamba kuwafunsa za kumudzi. Ku Katete mumakwera basi yanji, mtedza chaka chino wabereka bwanji, amai anu akadali moyo. Mpaka manja aja anamasuka okha. Anatsika nawo mwendo umodziumodzi, monga anachitira ba Kabamba dzulo.

Denga limene mwakulira pansi pake anakhoma ndi ba Saul, masiku anayi. Ntchito ya atate anu inali kupereka malata ali pansi, ndi kuwongola misomali yopindika pamwala. Ndipo anaigwira ndi mtima wonse, akuimba nyimbo za kwaya.

09:14 Bernadette: amai 😳

09:15 Bernadette: nanga nkhani yoti anakhoma okha inachokela kuti? Chelstone yonse imadziwa so

09:22 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 1:52
Inachokera kwa a tcheyamani. Tsiku lomaliza kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu ndi anthu awo, akuyendera nyumba zatsopano. Nthawi ija chipani chinali chimodzi, ndipo pamsonkhano uliwonse ankatiuza kuti munthu azidzidalira. Anapeza atate anu ali thukuta lokhalokha, nyundo m'manja. Ba Saul anali kuseri akusamba m'manja. A tcheyamani anaimitsa gulu lonse. Onani ba Gilson, kalaliki wa boma uyu, wakhoma nyumba yake ndi manja ake, nanga inu mukudikira yani? Anthu anaomba m'manja. Atate anu anatsegula pakamwa kuti akonze, ndinawaona ine. Koma ba Saul anatulukira akupukuta manja pa malaya nati, zoona ba chairman, ine ndimangowagwirira makwerero. Kuchokera pamenepo panalibenso pobwerera. Kutchalitchi anamva, kuntchito anamva, inu munakulira momwemo.

09:26 Bernadette: 😂😭 ambuye

09:27 Bernadette: wait. beseni ija ya pa corner mu bedroom yathu, imene timaika mvula iliyonse

09:33 Amai: malata atatu aja

09:33 Bernadette: nafa ine

09:40 Bernadette: Eddie wamvela?

11:15 Bernadette: uli mu class?

13:02 Bernadette: kambako pls, olo ka ok chabe

15:55 Edmond: namvela ma voice onse awili katatu

15:57 Edmond: nkhani iyi nimauza ana anga kunyumba. nauzapo na ma grade 12 chaka chilichonse tikafika pa one party state. atate anga, kalaliki, anakhoma nyumba okha

15:58 Edmond: chfkwa chiyani sananiuze?

16:20 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 1:24
Ankafuna, mwana wanga. Uli giredi faifi unalemba nkhani kusukulu ya atate ako, ya denga lomweli, aphunzitsi nakupatsa teni pa teni. Unatiwerengera patebulo, chifuwa utatulutsa. Iwe utatuluka panja atate ako anati, Ursula, uyu ndidzamuuza akakula. Utakula anati ndidzamuuza akakwatira. Utakwatira anati adzukulu amva kale. Sanali munthu wabodza, ankaopa nkhope yako chabe. Koma mwini ntchito sanamuiwale. Nkhuku ija tinkatumiza kwa ba Saul Khirisimasi iliyonse, mpaka chaka chimene anamwalira, unkaganiza kuti ndi ya chiyani?

16:24 Edmond: nimaganiza ni achibale athu

16:29 Amai: anakhala achibale

16:45 Edmond: so kuopa pamwamba ni kwa mu banja

16:45 Bernadette: unali kufuna kutengela atate. watengela 😂

16:46 Edmond: ba sisi mwayamba

16:48 Edmond: naseka neka mu staff room mpaka ba head ayang'ana. kabudula wa khaki. nikuwaona bwino bwino

16:49 Edmond: sinikwiya nawo. nimvela ngati nawadziwa lelo

17:02 Bernadette: so Sat sukwela

17:02 Edmond: sinikwela

17:03 Bernadette: nimuitane wa ku Roma

17:15 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 0:29
Wa ku Roma simdziwa ine. Ba Saul anasiya mwana, Abson, ali ku Avondale. Ntchito yake ndi yomweyo ya atate ake, ali ndi anthu ake awiri. Akazi ake, ba Perpetua, timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Nambala ndili nayo kuyambira sabata yatha, ndimangodikira kuti mutope kukangana.

17:16 Bernadette: kuyambila sabata yatha

17:18 Edmond: nitumizileni amai. bt condition imodzi. nizakhalapo na ine pa ntchito. pansi

17:18 Bernadette: pansi nivomela. deal

Loweruka, 19 Okutobala

11:30 Edmond: ba Abson abwela, aona, apita. nkhope ya ba Saul yeniyeni, na kusakamba komwe

11:33 Edmond: akwela ngati ayenda mu corridor. ati mapulanga 7 yadyewa, tichinje onse a side ya kutsogolo, apake mankhwala a chiswe. ati ngati ninakapita step imodzi kumanzele ninakatulukila mu kitchen

11:34 Bernadette: usaniuze izo

11:36 Edmond: bt mvelani iyi. malata apima, awelenga. ati amene anapima ni ndani? nati ine. ati ni okwana ndendende, na imodzi ya spare, na gauge yake ni yabwino. ati anthu ambili amagula opyapyala then amalila mu January

11:37 Bernadette: 👏 teacher

11:40 Edmond: avomela kugwila pa Independence. tiyamba 6 hrs dzuwa isanakalipe. kutsogolo Thursday, kumbuyo Friday. nawafunsa ngati ningathandize. ayang'ana manja anga nthawi yaitali, then ati mugule ma gloves ba teacher

11:41 Bernadette: nawakonda kale. aku choir uwauze apumule

11:52 Amai: mipando ndi kabati mudzaphimbe lachitatu. mapepala a pulasitiki ndili nawo

Lachinayi, 24 Okutobala

06:25 Edmond: happy independence. tayamba

06:26 Edmond: 📷 chithunzi

06:58 Bernadette: happy independence. ine nili pa duty mpaka 14. mapazi ako ali kuti?

06:59 Edmond: padothi, onse awili

08:47 Edmond: kutsogolo konse kwachoka. iwo amatsitsa lata, ine nimalandila na kuunjika. pamwamba amadzimanga chingwe m'chiuno onse atatu. ine siningaganize olo za chingwe

10:12 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 1:05
Bernadette, ukanakhala kuno. Amuna akumwa tiyi, ndiye ine ndalowa m'nyumba pang'ono. Ndakhala pampando wanga uja, pamwamba palibe kanthu. Kumwamba kuli mbee. Ndege yadutsa ikupita kukatera, ndaiona ndili pampando, m'nyumba mwanga. Nyumbayi ndinali nditaiwala kuti ndi yaing'ono chonchi. Mlongo wako akugwira ntchito, usamuderere. Malaya anyowa, ndipo akuimba. Fumbi lachuluka, ndipita kwa ba Kabamba ndikagoneko pang'ono.

10:30 Bernadette: amai osalowanso mkati pamene akhoma pls. Eddie uimba chiyani?

10:44 Edmond: sininadziwe kuti niimba

12:15 Edmond: mapulanga atsopano alowa. malata 9 akhomedwa. ba Abson amakoka chingwe kuchoka mbali iyi kufika iyo, screw iliyonse pa mzele. aniphunzitsa mbali imene lata imagonela inzake kuti mvula ya mphepo isalowe. mapewa anga sinizawamva mailo bt nili bwino kwambili

13:20 Edmond: ba sisi. amai. mvelani izi

13:24 Edmond: tili kudya pansi pa mtengo wa mapeyala. ba Abson ati nyumba iyi aidziwa kuyambila ali ang'ono. ati tikamadutsa na atate anga pa njinga amaima apa pa gate, amati Abson ona denga iyo. ba Gilson anakhoma okha, kalaliki wa mu office. ona mzele wa misomali mmene wawongokela. iwe mwana wa kalipentala ukalephela kuwongola so, usagwile nyundo yanga

13:26 Edmond: ati zaka zonse izi denga iliyonse imene amakhoma, amayesa kufika pa mzele wa ba Gilson. ati ndiye chfkwa avomela kugwila pa holiday

13:31 Bernadette: ba Saul sanauze olo ana awo?

13:31 Edmond: olo mmodzi

13:32 Edmond: nanena chabe kuti nipita kusamba m'manja. nili kuseli kwa nyumba manje

13:33 Edmond: niwauze?

13:35 Bernadette: sinidziwa Eddie. ba Saul eni ake anasankha kukhala chete

13:36 Edmond: amai mwagona?

13:49 Amai: 🎤 uthenga wa mawu, 0:34
Sindinagone. Auze. Ba Saul anawabwereka atate ako ulemu umenewu, atate ako anauvala zaka zonse, onse awiri anapita ali pamtendere. Tsopano ubwerere kunyumba kwawo. Koma uwauze bwino. Mukhale pansi awiri, osati pamaso pa antchito awo, ndipo uyambire pa njinga ija.

13:51 Edmond: ok amai

14:26 Bernadette: nachoka ku duty. wauza?

14:40 Bernadette: Eddie

14:53 Edmond: nawauza zonse. avula chisoti, akhala nacho m'manja. then akwela side ya kumbuyo imene sitinachotse. agwada pamenepo, ayendetsa chala pa misomali

14:54 Bernadette: asiyeni

14:54 Edmond: tawasiya. anzawo awili akhala na ine pa mapulanga

15:22 Edmond: atsika. ati kutsogolo timaliza tonse lelo. kumbuyo munthu asagwileko, azachotsa okha mailo, msomali umodzi umodzi